Thandizeni, apeza chinyama pa ploti ndiye ntchito yaima

Membala wobisa dzina: Abale ndithandizeni nzeru mutu waima. Ndinagula ploti kunja kwa Lilongwe, malo ake linali thengo, ndiye ndinaika aganyu azule zitsa ndi kugumula chulu tiumbe njerwa. Dzulo andiimbira kuti kudzenje pansi pa chulucho kuli chinyama ndipo akana kupitiriza. Theka la ndalama ndinawapatsa kale, mmisiri woyamba anathawa ndi simenti wanga, alamu omwe anandipezera malowo foni sakuyankha, alandilodi nawonso akuti ndituluke mvula isanagwe. Sindikufuna chiphedwe koma ndipange bwanji?

Make Tada: Chinyama chanji mayi? Simunanene.

Mkulu wa Kawale: IMENEYO NDI NSATO!! Ndipo nsato simangokhala pa ploti ya munthu, mufunse bwino amene anakugulitsaniyo. Itanani abusa kaye musanaponyepo khasu.

Ada Boss: Aganyu a masiku ano kuthawa ndiwo? 😂

Mphunzitsi wopuma: Achimwene musaseke. Ikakhala ngaka mukalowa m'ndende, malamulo a nyama zakutchire anawakhwimitsa mu 2017 ndipo chilango chimatha kufika zaka 30, ngakhale kungopezeka nayo m'thumba ndi mlandu. Mayi, uzani anyamatawo asatenthe udzu, asathire madzi kapena utsi kudzenjeko, agalu akhale kutali. Dziwitsani a nthambi ya National Parks and Wildlife kapena a Lilongwe Wildlife Centre, iwowo ndi amene amatenga nyama zotere n'kukazisiya kotetezeka.

Mkulu wa Kawale: Aphunzitsi mwaiona kuti ndi ngaka? Ine ndakula ndikugumula zulu, ndikuti NSATO. Makolo athu ngaka ankapita nayo kwa amfumu, za ofesizi zabwera liti?

Mphunzitsi wopuma: Inunso simunaione bambo.

Nachisale wa ku Kasungu: Ine nkhani yosamutsa nyama imandiwawa. Mu 2022 anabweretsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde, funsani alimi a m'malire mwa paki ya Kasungu za chimanga chawo. Nyama muziisamutsa inde koma muziganizanso amene akukhala komwe ikupitako.

Ada Boss: Anachisale, njovu ingakwane m'dzenje la chulu?

Make Tada: Ine pomanga ku Lumbadzi anyamata anapha kadzidzi ati ndi wa mfiti, kusiya ana ake awiri mumphako, ndinayesa kuwapatsa nsima onse anafa, mpaka lero zimandipweteka. Musachidyetse chilichonse mayi, ngaka imadya nyerere ndi chiswe basi, panyumba siingakhale moyo. Ingojambulani chapatali, koma osaponya pano pamene pali ploti, ogula mamba a ngaka aja alinso pagulu pompano.

Mkulu wa Kawale: Ndanena ine. Mudzandikumbukira.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Ine sindinapiteko, transipoti yavuta, ndipo alamu aja ayankha tsopano koma akungokamba za ngongole yawo. Nanga aganyuwa ndiwalipire tsiku la leroli pomwe sanagwire ntchito?

Make Tada: Mayi, CHINYAMA CHANJI??