Zotsatira za funso langa la faundeshoni

Ndikuthokoza nonse amene munayankha funso langa lofuna kudziwa ngati khungu langa lamafuta likuyenera faundeshoni (chodzola cha kunkhope chofanana ndi mtundu wa khungu) yamadzi kapena yaufa. Ndinatsatira malangizo a amayi amene anati ndiyese yaufa, ndipo ndaigwiritsa ntchito kwa masabata atatu m'nyengo yotentha ino ya Okutobala ku Blantyre. Nkhope yanga sikunyezimiranso ikafika masana monga kale, ngakhale kuti pamphuno ndimafunika kupakanso kamodzi. Yamadzi ija ndaisunga kuti ndizidzola mu Juni, pamene khungu limauma ndi kuzizira. Amene muli ndi vuto ngati langali, yesani mtundu wake pachibwano muli panja padzuwa, chifukwa magetsi a m'sitolo anandinyenga mpaka ndinagula yoyererapo kuposa khungu langa.