Bondo lokhoma koma report ikuti grade 2

OCO (clinical officer wa mafupa) wakumudzi: Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Mnyamata wa zaka 24, anapotokola bondo pa mpira masabata atatu apitawo, mpaka lero silikuwongoka lonse. Ukakanikiza joint line (pokumana mafupa a bondo) yamkati akudumpha. McMurray (kuyeza popinda ndi kupotokola bondo) ndalephera, amakuwa. Abale agulitsa mbuzi kuti akajambulitse MRI m'tauni, report yabwera mizere iwiri: grade 2 (kuwonongeka kwa mkati kosafika pamwamba) pa posterior horn (mbali yakumbuyo) ya medial meniscus (cartilage ya pakati pa mafupa a bondo, mbali yamkati), basi. Grade 2 ikhoma bondo bwanji? Ndatsegula CD, pa sagittal (zithunzi za cham'mbali) ndikuona ngati PCL (ligament yakumbuyo mkati mwa bondo, yomwe imakhala imodzi) zilipo ziwiri.

Radiographer: Achimwene, imeneyo ikhoza kukhala bucket-handle, meniscus yang'ambika ndipo chidutswa chagwera mu notch, mpata wa pakati pa bondo. Werengani bow tie (maonekedwe a meniscus yabwinobwino pa sagittal): pa ma slice a 4 mm iyenera kuoneka kawiri motsatizana. Mukaipeza kamodzi kapena osaipeza, pitani pa coronal (zithunzi za chakutsogolo) mukafufuze chidutswacho.

Mdala wa ortho: Bondo lokhoma ndi lokhoma. Ife tinkawatumiza ku theatre MRI kulibe. Manja anu akuuzani kale.

Physio: Chonde musaliwongole mokakamiza, ndipo kwa ife musamutumize kaye. Ndinalandirapo wina, kwawo anamukoka mwendo kuti "libwerere", anafika bondo litatupa ngati dzungu, cartilage itadyeka. Mpaka lero ndimamva chisoni. Mupatseni ndodo, asapondere.

Radiographer: Komanso samalani, ligament ya Humphrey imadutsa kutsogolo kwa PCL, imanamiza ngati PCL yachiwiri. ACL (ligament yakutsogolo mkati mwa bondo) ili bwanji? Double PCL kawirikawiri imaoneka ACL ili yonse. Ndipo makina a MRI-wo ndi amphamvu a 1.5T kapena aang'ono aja? Ngati PD fat sat (zithunzi zoonetsa bwino cartilage) palibe, za cartilage musalonjeze abale chilichonse.

Mdala wa ortho: Mukuwerenga ma bow tie mwana akutsimphina. Meniscus ya mnyamata imasokeka ukafulumira, mukachedwa mudzaidula. Lembani referral lero.

Registrar: Bambo akunena zoona pa uyu, koma tisazolowere. Agogo ambiri a zaka 60 ali ndi tear pa MRI, bondo osapweteka. Ndinaonapo mayi wina atapangidwa scope (opaleshoni yolowetsa kamera m'bondo) chifukwa cha report, ululu osasintha, vuto linali nyamakazi.

Mdala wa ortho: Ndi zomwe ndikunenazo. Gwirani bondo, osati pepala.

OCO wakumudzi: Za makina sanalembe. CD nayonso tsopano yakana kutseguka.

Radiographer: Koperani foda ya DICOM (mafayilo a zithunzizo) pa flash kaye, ma viewer a pa CD aja amavuta pa kompyuta zakale. Pali amene ali ndi RadiAnt, pulogalamu yotsegulira zithunzi za DICOM?