Ndili pa waitlist ya sukulu ya PA koma ABSN ikufuna dipoziti mu Disembala, ndithandizeni nzeru

NaBanda_Indiana

Moni nonse, makamaka inu amene muli kuno ku America ndipo mukugwira za chipatala. Pepani ndilemba zambiri koma nkhaniyi ikundisowetsa tulo. Ndili ku Indiana, digiri ya biology ndinamalizira konkuno, ndipo kuyambira ndili pasukulu ndakhala ndikugwira u CNA, wothandiza ma nesi kusamalira odwala, ku nursing home, pano ndinasamukira ku chipatala chachikulu ndine patient care tech mashifiti a usiku. Chimene mtima wanga umafuna kuyambira kale ndi physician assistant (PA), amene amayeza ndi kuchiza odwala mogwirizana ndi dokotala. Zonse ndinatumiza pa CASPA, website yoapulayira sukulu za PA, mu Juni, makalata a ondichitira umboni analowa, mayeso olowera a GRE ndinalemba, ndalama zinapita osati masewera chifukwa sukulu yoyamba ndi madola 180 ndi kanthu kenako iliyonse yoonjezera 60 ndi kanthu, osawerengera ma supplemental amene sukulu zina zimalipiritsa pazokha.

Pano tili mu Novembala. Sukulu zina zinandikana msanga ndi ka imelo kafupi, zina zili ziii mpaka lero ukalowa pa portal pangolembedwa under review. Imodzi inandiitana intavyu mu Seputembala, ya MMI ija yomazungulira chipinda ndi chipinda, ine ndinaona kuti zinayenda bwino koma yankho labwera loti ndili pa waitlist, ndipo sananene kuti ndine nambala chani. Kalasi yawo imayamba mu Meyi.

Nde vuto ndi ili. Poopa kungokhala ndinaapulayanso ABSN, unesi wachangu uja wa anthu oti digiri ali nayo kale, ndipo anditenga, kuyamba Januwale, miyezi 16. Akufuna dipoziti kumayambiriro kwa Disembala ndipo siibwezedwa. Abambo akunyumba akuti tenga unesi tisatayenso chaka china, ndipo sindingawatsutse kwambiri chifukwa lendi ikukwera, amayi ku Kasungu amayang'ana kwa ine, mng'ono wanga ali ku koleji fizi ndimalipira ndine. Koma usiku ndikamaona ma PA akumuyeza wodwala, kuwerenga zotsatira za magazi, kusoka bala, kuganiza kuti vuto lili pati, ndimadziwa kuti ntchito imene ndikufuna ndi imeneyoyo.

Amene munadutsamo, kodi waitlist imasunthadi kapena ndi njira yongokanira mwaulemu? Ndipo ndikalowa unesi ndiye kuti za PA ndazikwirira? Mapepala ndili nawo, green card, ngati zingathandize poyankha.

Thoko_PAC

Achemwali ndakumvani, nyengo imeneyi ndi yowawa ndipo anthu oti sanaapulayepo samvetsa chifukwa chake munthu umangoyang'ana foni mphindi iliyonse. Ine ndine PA ku Michigan, ndili ku emergency.

Waitlist imasuntha ndithu, si bodza. Chimene chimachitika ndi chakuti anthu amphamvu amatengedwa sukulu ziwiri zitatu, amalipira seat deposit pa yoyamba kuwayankha kuti agwire malo, kenako ikawatenga yomwe amaifuna kapena yotchipa kapena ya kufupi ndi kwawo amausiya mpando uja. Ndiye mayina amayamba kuyenda kwambiri Januwale mpaka Epulo, ndipo ena amaimbiridwa foni kutatsala sabata imodzi kuti orientation iyambe, m'kalasi mwathu analipo otero. Koma chaka ndi chaka zimasiyana, palibe angakulonjezeni, olo a admissions eni ake sadziwa kuti ndi angati athawe.

Chimene mungachite panopa, lembani ka imelo kaulemu kwa admissions, afunseni ngati waitlist yawo ili ndi manambala komanso ngati amalandira update letter. Ena amalola ena amakaniratu ndipo zimalembedwa pa website yawo, muwerenge kaye musanatumize chifukwa akati ayi inu nkutumizabe zimaoneka ngati simumva malangizo. Akalola, kalatayo ikhale ndi zatsopano zokhazokha, maola ogwira ntchito ndi odwala amene mwaonjezera kuchokera mu Juni, kalasi ina ngati mwamaliza ndi giredi yake, shadowing (kutsatira PA pa ntchito nkumaonerera), ndipo munene poyera kuti mukanditenga ndibwera. Kamodzi basi, osati sabata iliyonse.

Zikakanika chaka chino, CASPA imatsegulanso kumapeto kwa Epulo, ndipo kuapulaya kachiwiri ndi chinthu chofala kwambiri mu PA, si chamanyazi. Sukulu zambiri zimachita rolling admissions kutanthauza kuti mipando imadzadza pamene ma intavyu akuchitika, nde kutumiza mu Meyi kumasiyana ndi mu Juni kapena Julayi, komanso verification pa CASPA imatha kutenga masabata angapo. Makalata a ochitira umboni sasamukira ku chaka chatsopano, mudzawapemphanso, ndipo personal statement ija ya zilembo 5,000 mudzailembe mwatsopano osati kungobwereza. GPA yanu simunaitchule koma dziwani kuti CASPA imawerengera giredi iliyonse, ukabwereza kalasi yoyamba ija siifufutika, zonse ziwiri zimalowa, ndiye chimene chimathandiza ndi kutenga ma science olemera monga biochemistry, genetics, microbiology nkupeza ma A kuti aone kuti kumapeto mukukwera. Onaninso zaka za ma prerequisite, sukulu zina sizilandira anatomy ndi physiology yoti yapitirira zaka 5, zina 7, zina 10. Ndipo musanyoze sukulu zatsopano za provisional accreditation, chilolezo choyambirira cha ARC-PA, bungwe lovomereza sukulu za PA, omaliza kumeneko amalemba PANCE, mayeso a chiphaso cha u PA, chimodzimodzi ndi wina aliyense, kungoti mufunse bwino za ma rotation awo kuti amakupezerani okha kapena ayi.

Za ABSN ndilibe yankho lachidule. Ine ndikanakhala inu sindikanailowa ngati mumtima simukufuna unesi, chifukwa miyezi 16 ija ndi yothina, simudzakhala ndi mpata okonza application ina, ndipo ngongole yake idzakutsatani ku PA.

Ankolo_Mbewe_RN

Mwana wanga, ine ndilankhula mosiyana pang'ono ndi a Thoko ngakhale zonse anenazo ndi zoona.

Ine ndinali clinical officer kumudzi, ndinaphunzira ku Malamulo ku Thyolo, ndinagwira m'zipatala za m'maboma zaka zambiri, ma caesar timapanga tokha usiku dokotala palibe, mukudziwa mmene zipatala za kwathu zimayendera ndi ma clinical officer. Nditafika kuno ndinkaona kuti PA ndi ntchito yanga yomwe ija, chifukwa ngakhale kuno inayamba chifukwa cha kuchepa kwa madokotala, ku Duke University mu 1965, ophunzira oyamba anali asilikali a zachipatala a Navy. Koma kuno palibe njira yachidule, olo ukhale dokotala wa kunja uyenera kulowa sukulu ya PA yonse, zaka ziwiri ndi miyezi ingapo, ndipo ine diploma yanga siinali bachelor's ndiye ndikanayambira pansi penipeni ana ali aang'ono. Ndinatenga unesi pa community college, ndinalemba NCLEX, mayeso a chiphaso cha unesi, lero ndili ku ICU kuno ku Texas ndipo ana anaphunzira, nyumba kumudzi inatha.

Chimene ndikufuna mumve ndi chakuti unesi si chipepeso ayi. Mukakhala RN, nesi wa chiphaso, ntchito ili paliponse, mashifiti atatu a maola 12 pa sabata, masiku enawo ndi anu, ovataimu ilipo mukaifuna. Ndipo chitseko cha PA sichitsekeka, maola a RN amawerengedwa ngati patient care yamphamvu kuposa a CNA, ma nesi oti anapita ku PA alipo. Palinso njira ya nurse practitioner (NP), nesi wophunzira zapamwamba amene amayeza odwala ndi kulemba mankhwala, imene ambiri amaphunzira akugwira ntchito, pomwe sukulu ya PA simungagwire ntchito, ambiri amakuuziratu kuti musayerekeze. Kusiyana kwake muyenera kukudziwa, NP amasankha gulu la odwala, family, psych, acute care, ana, ndipo akafuna kusintha amabwereranso kusukulu, pomwe PA amaphunzira zonse ndipo atha kuchoka ku surgery kupita ku dermatology popanda digiri ina. Mbali inayi ma NP m'ma state ambiri amagwira paokha popanda dokotala owayang'anira. Ngati chimene chimakukokani ndi ku theatre ndiye PA ndiyedi yanu, koma ngati ndi kuona wodwala mu clinic, kumuyeza ndi kumulembera mankhwala, njira ziwirizi zimakafika pamodzi.

Chokhacho ndingakuchenjezeni, musalowe ABSN muli ndi maganizo oti akandiimbira mu Epulo ndithawa. Fizi ya semesita yonse idzakhala itapita, makalasi a unesi sadzakuchotserani kanthu ku PA, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Khalani pansi ndi amuna anu musankhe chimodzi.

mai_a_Tadala

Tikukuikani m'mapemphero achemwali. Mwana wa mchemwali wanga anali pa waitlist chonchi ndipo anamuimbira kalasi itatsala pang'ono kuyamba, foni yanu izikhala yoyatsa ndipo muziyang'ananso mu spam. Mashifiti a usikuwo muzipumako, thupi ndi lanu.

Kondwani_DMV

Palibe wanena bwinobwino za ndalama ndiye ndinene ine, akazi anga akuapulayanso nde ndakhala ndikuziwerenga. Lamulo limene linasainidwa mu Julayi 2025 likuthetsa ngongole ya boma ya Grad PLUS kwa obwereka atsopano kuyambira pa 1 Julayi 2026. Grad PLUS ndi imene ophunzira a PA ambiri amalipirira fizi yotsala ndi lendi ndi chakudya, chifukwa ngongole wamba ya boma ya graduate ndi madola 20,500 okha pa chaka, pomwe sukulu zambiri za PA fizi yokha ya pulogalamu yonse imafika kapena kupitirira 100,000. Amene adzakhale atayamba kale pulogalamu ndipo atabwereka kale tsikulo lisanafike akuloledwa kupitiriza ndi malamulo akale kwa kanthawi. Ndiye kalasi yanu ya Meyi ija ndi ya mtengo wapatali kuposa mmene mukuganizira, ndipo kudikira chaka china si nkhani ya nthawi yokha, mwina mudzafunika ma private loan amene amayang'ana credit ndi cosigner, munthu wokusainirani kuti adzabweza inu mukalephera, ndipo ife obwera cosigner timamupeza kuti? Imbirani ofesi ya financial aid ya sukuluyo akuuzeni okha mmene zikukhudzireni.

ABSN nayo si yaulere, ndi bachelor's yachiwiri ndiye Pell Grant, thandizo la boma losabweza lija, palibe, ngongole ya boma ndi ya undergraduate, 12,500 pa chaka kwa munthu odziimira payekha ndipo zonse pamodzi sizipitirira 57,500 kuphatikiza zimene munabwereka pa digiri yoyamba. Funsani ku HR kuntchito kwanu, zipatala zambiri zimalipirira antchito awo unesi ukasaina kuti udzagwira nawo zaka zingapo. Pa malipiro PA ali pamwamba, pakatikati ndi madola 130,000 ndi kanthu pa chaka, RN ali cha m'ma 90,000, koma werengani ndi zaka zomwe mukhale osalandira kanthu. Ganiziraninso respiratory therapy (RT), ntchito yothandiza odwala ovutika kupuma, zaka ziwiri pa community college ngati Ivy Tech kwanuko, fizi yotsika kwambiri ndipo sukulu za PA zimawalemekeza ma RT.

NaBanda_Indiana

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri kawiri. Ankolo mawu anu andikhudza, ndipo zoona ku theatre ndi ku emergency ndi kumene mtima wanga uli, clinic siindikoka kwenikweni. Achimwene a Kondwani za Grad PLUS ndimangozimva patali, mawa ndiimba. A Thoko science GPA yanga ndi 3.4, chaka choyamba chinali chovuta ndikugwira ntchito ziwiri koma zaka zomaliza ndi ma A ndi B+. Ndafunsa a ABSN ngati angandisungire malo mpaka kalasi yawo ya Ogasiti, andiuza kuti ndilembe kalata komiti ikaone. Akalola ndiye kuti ndidikira waitlist mpaka Meyi mtima uli m'malo. Funso lina, ndisinthe ntchito kuti maola anga akhale amphamvu kapena ndikhale pomwe ndili?

Thoko_PAC

3.4 yokwera kumapeto si yoipa achemwali, ndipo poti anakuitanani intavyu ndiye kuti mapepala anu anadutsa kale, chotsala ndi mpando. Ntchito musasiye, koma ngati chipatala chanu chili ndi malo a ER tech pemphani transfer, kumeneko mudzapanga ma EKG, kutenga magazi, kuthandiza ma splint, ndipo mudzagwira moyandikana ndi ma PA oti atha kudzakulemberani kalata yokudziwani bwino. Sukulu zimene zinakukanani zina zimapereka feedback cycle ikatha, zifunseni mu Febuluwale kapena Malichi. Kalata ya deferral ija, yopempha a ABSN kuti akusungireni malo, tumizani sabata ino, ndipo yankho lawo likhale lolembedwa pa imelo tsiku la dipoziti lisanakwane, osati la pakamwa pa foni. Update letter mukailemba nditumizireni ku inbox ndiione musanaitumize.