Mtima ukathamanga kuchokera m'zipinda zam'munsi: shoko kapena mankhwala?

Wophunzira unamwino:
Akuluakulu, ndithandizeni. Sabata yatha ndinaona odwala awiri omwe ECG, yomwe imajambula kagundidwe ka mtima, imaonetsa vuto limodzi, ventricular tachycardia, kuthamanga kwa mtima kochokera m'zipinda zam'munsi. Woyamba anamuthira shoko ya magetsi nthawi yomweyo, pomwe wachiwiri anangomuika mankhwala m'diripi ali maso, akulankhula nafe. N'chifukwa chiyani anawathandiza mosiyana chonchi?

Sista wa odwala mwakayakaya:
Mng'ono wanga, musanayang'ane makina, ikani zala pakhosi la wodwala. Zipinda zam'munsi zikamagunda mothamanga kwambiri sizipeza mpata wodzaza magazi, ndipo mwa ena magazi amasiyiratu kuyenda. Ngati kugunda sikukumveka, mtima waima basi: yambani kukanikiza pachifuwa maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, ndipo shoko iperekedwe msanga makina operekera shoko akangofika. Adrenaline 1 mg amabwerezedwa pa mphindi 3 mpaka 5 zilizonse, ndipo amiodarone 300 mg amaperekedwa shoko yachitatu ikalephera. Wachiwiri uja magazi ake ankayendabe, n'chifukwa chake mankhwala anapatsidwa mpata.

Dokotala wa mtima:
Asista anena zoona, koma pali gulu lapakati lomwe limandidetsa nkhawa kwambiri. Wodwala kugunda kukumveka ndithu, koma BP yatsika, thukuta lozizira lili kamukamu, akumva kuwawa pachifuwa kapena akuyamba kusokonezeka. Ameneyu sitidikira mankhwala. Timamupatsa mankhwala omugonetsa tulo pang'ono ngati nthawi ilipo, kenako timamuthira shoko titasindikiza batani la sync, kuti magetsi agwere pa R, nsonga yaitali ya mzere wa ECG, osati pa T, kaphiri kobwera pambuyo pake, chifukwa akagwera pa T angathe kusandutsa vutolo kukhala ventricular fibrillation, pomwe zipinda zam'munsi zimangonjenjemera osapopa magazi. Ndaonapo batani limeneli likuiwalika m'chipwirikiti, choncho muzilitchula mokweza.

Yezaninso potaziyamu ndi magineziyamu. Mizere ya ECG ikamapotoka ngati chingwe, n'kutheka kuti ndi torsades de pointes, mtundu wina wa vuto lomweli, ndipo pamenepo mankhwala ake ndi magnesium sulphate 2 g.

Wophunzira unamwino:
Zikomo kwambiri, adokotala. Nanga akapulumuka, vutolo silibweranso?

Dokotala wa mtima:
Limabwera, makamaka mwa amene mtima wawo uli ndi chipsera chotsala pambuyo poti mtsempha wa mtimawo unatsekeka. Oterewa timawapatsa ma beta blocker, mankhwala ochepetsa liwiro la mtima, ndipo ambiri amafunika ICD, kachipangizo koikidwa pansi pa khungu komwe kamapereka shoko kokha; koyamba kanaikidwa mwa munthu mu 1980 ku chipatala cha Johns Hopkins ku America. Shoko zikamachuluka, timalowa ndi kachubu kudzera mumtsempha n'kuwotcha malo omwe kugunda kolakwikako kukuyambira.