Angkor ku Cambodia: ndipite Ogasiti kapena Disembala?

NaBanda_Mufakose:
Moni nonse abale anga. Zaka zitatu ndikuponya kangachepe pambali kuti ndikaone makachisi akale aja ali mnkhalango ku Cambodia, makamaka uja mitengo inamera pamwamba pa khoma mizu nkumatsetsereka ngati nsato. Kuntchito akuti livu nditenge Ogasiti kapena Disembala basi. Amene munafikako ndithandizeni chonde, ndikuopa kutaya ndalama zonsezi nkukangobindikira mu hotela mvula ili pwatapwata panja.

Chisale_Highfield:
Achemwali pitani Disembala basi. Nyengo yawo ndi yosemphana ndi yathu, ife kuno ku Zimbabwe tikamadzala chimanga ndi mvula ya Novembala iwo ndiye kuti yawo ikukata, ndipo siibweranso mwamphamvu mpaka cha mu Meyi. Disembala ndi Januwale kumapita kamphepo, mutha kuyenda tsiku lonse. Koma Epulo musayerekeze, kumaotcha ngati Okutobala wa ku Kariba, miyala ija simungatsamirepo. Kachisi mukunenayo ndi Ta Prohm, anamangitsa ndi mfumu Jayavarman VII mu 1186.

MayiWaTiya:
A Chisale sakunama koma ine ndiye ndikuti Ogasiti, ndinapita nthawi ya dzinja lawo ndi bambo akunyumba ndipo mpaka pano sindidandaula. Mvula yake masiku ambiri imabwera masana, imakhuthuka zedi kwa ola kapena awiri kenako yakata, ndiye ife tinkadzuka 4 koloko mbandakucha, wa tuk-tuk (njinga yamoto yokoka kangolo konyamula anthu) watitenga, pofika 12 taona zambiri tabwerera ku Siem Reap, tauni yoyandikana ndi makachisiwo, kukadya, ikamayamba ife tili mkati. Tsiku limodzi lokha ndi limene inatigwa kuyambira mmawa.

Chimene munapitira inu ndi nkhalango eti? Ndiye nkhalangoyo imakhala ndi moyo mdzinja. Miyala yonse ndere biriwiri, masamba atsukika, ngalande yayikulu yozungulira kachisi wamkulu wa Angkor Wat itadzadza madzi, achule akulira ngati kudambo kumudzi. Ku Ta Prohm tinaima pa mizu ija tokha awiri kwa kanthawi ndithu, ine misozi inalengeza, kuganiza kuti anthu ananyamula miyala imeneyi ndi manja zaka zoposa 800 zapitazo ndiye mtengo wangobwera nkuikumbatira. Disembala pamalo omwewo anthu amachita kuima pamzere kuti ajambulitse, mahotela nawo amakwera mtengo chifukwa cha Khrisimasi.

Zovuta zilipo sindibisa. Masitepe amaterera komanso ndi otsetsereka kwambiri, tengani nsapato zogwira pansi osati mapatapata. Udzudzu wofalitsa matenda a dengue umaluma masana, mankhwala odzola asakusoweni mchikwama. Tikiti yolowera ku makachisi gulani ya masiku 3, ndi $62, ya tsiku limodzi ndi $37, ubwino wake masiku atatuwo mumasankha nokha mkati mwa masiku 10, ndiye kukacha koipa mungopuma osaluza kanthu.

MalumeGama:
Mwana wanga za nyengo anzako anena, ine ndiwonjezere za ndalama. Kumeneko dola ya America imayenda ngati kuno, chenji chaching'ono amakubwezera ndalama yawo riel. Koma madola athu aja otha ngati sanza timapatsana mmakombi ndi pa Mbare Musika usatenge, yong'ambika pang'ono pokha ambiri amakana. Pita ku banki upemphe atsopano. Komanso makachisiwo ndi malo opemphererapo mpaka lero, amonke achibuda alipo, vala zobisa mapewa ndi maondo, pamwamba pa Angkor Wat salola kukwera wovala zazifupi.

NaBanda_Mufakose:
Zikomo kwambiri nonse, a Chisale musandikwiyire koma mtima wapita ku Ogasiti, mawa ndikasaina fomu ya livu. Amalume za madola ndamva, anga ambiri ndi a mkombi omwewo ndiyamba kusintha sabata ino. Mayi wa Tiya ndikulemberani ku inbox mundiuze munadzera Addis Ababa kapena Dubai.