Misoti yayamba kuikira koma mazira akutuluka ofewa

Mlimi wa ku Mitundu: Anzanga, ndithandizeni. Misoti yanga 300 yakwana masabata 19 ndipo yayamba kuikira, koma mazira ambiri ndi ofewa, ena alibiretu chigoba. Inayi yangokhala pansi, miyendo yafooka. Katemera wa chitopa ndinapereka.

Mayi wa ku Area 25: Pepani achimwene. Mukuidyetsa chiyani?

Mlimi wa ku Mitundu: Ndimasakaniza ndekha, chimanga, madeya, soya ndi premix (msakanizo wogula wa mavitamini ndi michere). Ndikadali pa muyezo wa growers, chakudya cha nkhuku zimene zikukula, ndimati ndimalize kaye matumba otsala.

Bambo wa ku Lumbadzi: Vuto ndi limenelo. Growers imakhala ndi kashiamu pafupifupi 1 peresenti, pomwe nkhuku yoikira imafuna 3.5 mpaka 4. Thirani laimu basi, ndiye ali ndi kashiamu.

Mlangizi wa ziweto, Likuni: Laimu inde, koma yekha sakwanira, bambo. Msoti ukamakhwima, lipombo n'kuyamba kufiira, mahomoni ake amasintha kagwiridwe ka thupi lonse. Homoni ya estrogen imachititsa impso kusandutsa vitamini D3 kukhala mtundu wamphamvu umene umakoka kashiamu m'matumbo. Mahomoni omwewo amamanga nkhokwe ya kashiamu m'kati mwa mafupa, pafupifupi masabata awiri dzira loyamba lisanabwere. Chigoba chimodzi chimadya magalamu awiri a kashiamu. D3 ikachepa, laimu amangodutsa n'kutuluka ndi zitosi, nkhuku n'kumakumba m'mafupa ake omwe. Inayi yagwa pansiyo yafika pamenepo, ndipo zimandimvetsa chisoni chifukwa kawirikawiri ndi imene imaikira bwino kwambiri.

Chiwindinso chimayamba kupanga mapuloteni onyamula mavitamini a riboflavin ndi biotin kupita nazo mu dzira, choncho mavitamini amene ankakwanira mwezi watha lero ndi ochepa. Premix yanu munagula liti, ndipo mumasunga pati?

Mlimi wa ku Mitundu: Mu Juni. Ili m'kanyumba ka malata, thumba lotsegula.

Mlangizi wa ziweto, Likuni: Ndi kutentha kwa Okutobala kuno, musaidalirenso. Gulani yatsopano ya layers, ya nkhuku zoikira, muone tsiku lothera ntchito. Laimu akhale wa ziweto, wina wamiyalamiyala, chifukwa chigoba chimapangidwa usiku ndipo wokhakhala amakhalitsa m'nthutumba. Yofookayo muipatule, chakudya ndi madzi zikhale pafupi, m'madzimo muike mavitamini okhala ndi D3.

Mayi wa ku Area 25: Ine ndimayamba kuonjezera laimu pa sabata 16 kapena 17, malipombo akangofiira. Growers yotsalayo sungirani anapiye, achimwene.

Mlimi wa ku Mitundu: Zikomo nonse. Mawa m'mawa ndikwera ya m'tauni kukagula premix. Inayi ija ndaipatula kale.