Folin ikukwera koma ferulic acid siikusuntha pa 180 °C: ndikulakwitsa pati?

A Mbewe: Anzanga, ino ndi sabata yachitatu ndili pa ntchito imodzimodzi ndipo mtima wayamba kunditentha. Ndikutulutsa ma phenolic (mankhwala achilengedwe a m'zomera, monga ferulic acid) mu gaga wa chimanga choyera ndi ASE (makina otulutsa mankhwala ndi madzi otentha opanikizidwa, m'kachitini kachitsulo kotchedwa cell), ethanol ndi madzi theka ndi theka, pa 1500 psi, ma static cycle (maulendo oviika) atatu a mphindi zisanu. Pa 120 °C zonse zikuyenda. Ndikafika pa 180 °C, zotsatira za Folin (yoyezera ma phenolic onse pamodzi) pa 765 nm ndi za DPPH (yoyezera mphamvu ya antioxidant) pa 517 nm zikukwera kwambiri, koma pa HPLC (makina olekanitsa mankhwala n'kuwayeza paokhapaokha) ferulic acid pa 320 nm ili pomwepo, ndipo madzi otulukawo ndi oderako ngati tiyi wopanda mkaka, akununkha shuga wopserera. Cell nayonso ikungotsekeka. Lipoti likufunika Lachisanu.

A Chirwa: A Mbewe, mukudzivutitsa. Viikani gagayo mu methanol wa 80 peresenti, muike pa shaker usiku wonse, mmawa musefe. Ife tinaphunzira choncho ndipo palibe amene anabwezapo zotsatira zathu.

Mayi Gondwe: Musalembe manambala a pa 180 °C ngati ma phenolic, chonde. Fungo mwalitchulalo likukuuzani kale kuti shuga ndi ma amino acid zayamba Maillard, kusintha kumene kumaderetsa chakudya chikatenthedwa, ndipo ma melanoidin oderako otuluka mmenemo amasandutsa Folin kukhala yabuluu ngati mmene gallic acid imachitira, popeza Folin siisankha, imangoyankha chilichonse chopereka ma electron. Bwererani pa chromatogram yanu cha pa 280 nm, mufunefune HMF ndi furfural, zimene zimapangika shuga akapsa. Mukazipeza, dziwani kuti gawo lina la mphamvu mukuyezayo mwaliphika nokha mu cell.

A Kamanga: Ndikugwirizana ndi Mayi Gondwe, koma pali china. Ferulic acid yambiri mu gaga siili payokha, inamangika ku arabinoxylan (ulusi wa mu gagayo) ndi ester bond. Madzi otentha opanikizidwa amadula arabinoxylan, koma zidutswazo zimatuluka ferulic ikadali yomatirira, choncho standard yanu siingaizindikire. Tengani pang'ono mwa madziwo, muthire NaOH ya 2 M, musunge mumdima mutachotsa mpweya ndi nitrogen, kenako mutsitse pH kufika pa 2 musanabaye mu HPLC. Musapitirirenso kukweza kutentha poganiza kuti ituluka yambiri, chifukwa ferulic ikatenthedwa mopyola imasanduka 4-vinylguaiacol.

A Chirwa: Zonsezi methanol wozizira alibe. Palibe HMF, palibe chopserera.

A Kamanga: Inde akulu, alibe HMF, koma ferulic yomangikayo saikhudzanso, imatsala m'zotsalira zimene mumataya.

Mayi Tembo: Za kutsekeka, vuto ndi ufa wotsalira mu gaga. Gaga wa kuchigayo amabwera ndi starch wochuluka, ndipo akakumana ndi madzi otentha mumaphika phala mkati mwa cell. Ine zinandichitikira ndi madeya a mpunga: frit (kasefa ka cell) inamata, pampu inayamba kulira, ndiye magetsi anazima purge (kukankha madzi otsala mu cell ndi nitrogen) isanathe, cell n'kukhala mu uvuni mpaka madzulo. Nditaitsegula ndinapeza chigumu cholimba chimene ndinachita kukokota ndi waya. Sefani gagayo kaye kuti ufa uchoke, musagaye mosalala kwambiri, musakanize ndi diatomaceous earth, muike filter pansi, ndipo musaigwire cell ikangotuluka, dzanja langa lidakali ndi chipsera.

Mayi Gondwe: Funso lina, a Mbewe: gagayo munamuyeza aflatoxin, poizoni wa chuku? Ngati anachokera pamsika ndipo anasungidwa ponyowa, ethanol wosakaniza ndi madzi amaitulutsa limodzi ndi zimene mukufunazo, ndipo pa rotavap, makina oumitsira madziwo, mumangoiunjika. Ngati cholinga n'kuika zimenezi mu chakudya, yambani ndi pamenepo.

A Chirwa: Ndibwerezanso, ngakhale musandimvere. Seal ya makina amenewo ikatha mudzadikira miyezi kuti ifike kuchokera kunja, pamene botolo ndi shaker zilipo tsiku lililonse. Yesani njira zonse ziwiri pa gaga yemweyo, mutiwonetse.

Mayi Tembo: Pa seal pokha a Chirwa akunena zoona. Kodi alipo amene ali ndi ma O-ring otsala a cell ya 34 mL? Athu aphwanyika awiri mwezi uno, ndipo silinda ya nitrogen nayo yatsala pang'ono kutha.